Mpikisano wa Galimoto Umapambanidwa Pakona

Tikamaonera mpikisano wa Formula 1 pa TV, ambirife timaganiza kuti wopambana ndi amene waponda moto kwambiri. Komatu pamalo owongoka aliyense amaponda mpaka pansi. Kusiyana kumaonekera pakona.

Tiyambe ndi tayala. Mphamvu yake yogwira phula ili ndi malire, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene imagwira ntchito pomanga mabuleki, pokhota ndi powonjezera liwiro. Dalaivala akaithera yonse pa mabuleki sipatsala yokhotera, moti ngakhale apinde chiwongolero, galimoto imangopitirira kutsogolo. N'chifukwa chake akatswiri amaponda mabuleki mwamphamvu galimoto isanayambe kukhota, kenako n'kumawamasula pang'onopang'ono uku akupinda chiwongolero. Ku Monza, m'dziko la Italy, galimoto zimayandikira kona yoyamba zikuthamanga makilomita oposa 330 pa ola, koma zimailowa pa liwiro losakwana 100. Wochedwa kuponda ndi mamita ochepa chabe amakapezeka ali kunja kwa msewu.

Njira yodutsira pakona nayo ndi nkhani. Dalaivala amayambira m'mphepete mwa kunja, n'kudulira m'kati chapakati pa kona, n'kukatulukiranso kunja. Akatero konayo imakhala ngati yawongokako. Amene wafulumira kudulira m'kati msewu umamuthera potuluka, ndipo amakakamizika kuchotsa phazi pamoto. Apa ndiye pamene ambiri amatayira nthawi. Kona yomaliza ya ku Monza, yotchuka ndi dzina loti Parabolica, imatulukira pamalo aatali owongoka, choncho amene watulukamo mochedwa amakhala wochedwa mpaka kumapeto kwa malo onsewo. Kulowa modekha n'kutuluka mwaliwiro kumapindulitsa kuposa kulowa ngati mphezi. Tisaiwale kuti pabwalo la mpikisano galimoto zonse zimalowera kumodzi. Pamisewu yathu, wodula kona motere amakakumana mphuno ndi mphuno ndi basi.

Maso nawo aziona kutali, kumene dalaivala akufuna kukatulukira, chifukwa manja amatsatira maso. Galimoto ikaterereka iye n'kuyang'anitsitsa khoma, amakaomba khoma lomwelo.

Jackie Stewart wa ku Scotland, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1969, 1971 ndi 1973, ankadziwika ndi kuyendetsa kosagwedeza galimoto. Pophunzitsa ena ankaika mpira m'mbale yomangidwa pa boneti, ndipo wophunzira ankayenera kumaliza ulendo mwamsanga mpirawo osagwa.