Kukonzekera Chakudya cha Banja Chaka Chonse

Alimi anzathu, ambiri a ife timakolola chimanga mu Epulo ndi Meyi, koma pofika Januwale nkhokwe imakhala itauma. Nthawi imeneyi ndi yomwe ntchito ya kumunda imachuluka, ndipo timasiya minda yathu yosapalira n'kupita kuganyu. Nthawi zina vuto si kuchepa kwa zokolola kokha, koma kugulitsa ndi kudya mosawerengera.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya

Kukhuta nsima sikutanthauza kuti thupi lapeza zonse zofunika. Tsiku lililonse banja lidye kuchokera ku magulu awa:

1. Zokhutitsa: chimanga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, mpunga.
2. Za mtundu wa nyemba: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza.
3. Zanyama: mazira, usipa, matemba, ngumbi, mkaka, nyama.
4. Zamasamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, mpiru.
5. Zipatso: mango, mapapaya, magwafa, malambe, masawu, masuku.
6. Zamafuta: mapeyala, mafuta ophikira, nthanga za maungu.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana wopinimbira amadwaladwala ndipo amavutika kusukulu.

Werengerani musanagulitse

Bambo ndi mayi akhale pansi limodzi atangokolola. Ngati banja lanu limadya thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 pamwezi, ndiye kuti pachaka mufunika matumba 18. Onjezerani la alendo, maliro ndi zina zadzidzidzi. Patulaninso nyemba, mtedza ndi soya wa pakhomo komanso mbewu. Zotsalazo ndiye zogulitsa. Kumbukirani kuti chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola ndipo chimakwera nthawi ya njala. Wogulitsa chonse mu Meyi amadzagula chomwecho modula mu Febuluwale.

Sungani bwino

Yanikani chimanga ndi mtedza mpaka ziume bwinobwino kuti zisagwire chuku, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Masamba akachuluka nthawi ya dzinja, futsani: awiritseni pang'ono, kenaka yanikani pamthunzi pamalo aukhondo. Mfutso umenewu udzakhala ndiwo mu Okutobala. Kadimba ka pakhomo kothirira ndi madzi otsala, ndi nkhuku zingapo, zimatseka mipata ina.

Chitsanzo cha tsiku limodzi

M'mawa: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi papaya.
Masana: nsima, nyemba ndi bonongwe wothira tomato ndi mafuta pang'ono.
Madzulo: mbatata yofiira mkati kapena nsima, usipa ndi nkhwani wotendera.

Magulu onse 6 akwana, ndipo zambiri ndi za m'munda mwathu. Mafuta pang'ono amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba ndi m'mbatata. Chipatso monga gwafa chimathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, pamene tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo apitirize kuyamwa, adye phala lolimbirapo m'mbale yakeyake. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa aziwonjezera chakudya.

Zochita pagulu

Jambulani pansi mabokosi 12 oimira miyezi ya chaka. Mu bokosi lililonse ikani timiyala tosonyeza magulu a zakudya omwe amapezeka m'mudzi mwanu mwezi umenewo. Kenaka kambiranani: Ndi miyezi iti yomwe ili ndi timiyala tochepa? Tingadzale, kuweta kapena kufutsa chiyani kuti titseke mpatawo? Aliyense akawerengere zokolola za kwake pamodzi ndi apabanja ake, ndipo adzafotokoze pa msonkhano wotsatira.