Kodi Mukufuna Kuyamba Masewero a Yoga?

Anthu a ku Chembe ndi ku Monkey Bay anazolowera kuona alendo atayala timphasa pamchenga mmamawa, akuwerama, kudziwongola ndi kupinda miyendo. Masewero amenewa dzina lake ndi yoga. Achinyamata ena ayamba kuwatsanzira, ndipo pa maulendo anga oyendera midzi ndakumanapo ndi angapo odandaula msana, khosi ndi mawondo. Tiyeni tione zimene munthu ayenera kudziwa asanayambe.

Yoga inachokera ku India kalekale. M'chaka cha 2014 bungwe la United Nations linasankha tsiku la 21 Juni kuti likhale lokumbukira masewerowa. Mitundu yake ndi yambiri. Ina ndi yofatsa, koma ina, monga Ashtanga imene anaifalitsa mphunzitsi K. Pattabhi Jois wa ku Mysore, ndi yolimba ndithu: munthu amasinthasintha kaimidwe kwa ola lathunthu osapumulira, thukuta lili kamukamu.

Choyamba, kayezetseni magazi kuchipatala. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa sapweteka, nchifukwa chake amabisala. Munthu wotere asayerekeze kuima chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, pakuti magazi amakanikiza kwambiri m'mutu ndi m'maso. Wodwala maso kapena khosi apewenso kaimidwe kameneka. Amayi oyembekezera ayambe afunsa anamwino kusikelo.

Kuno kunyanja tili ndi vuto linanso. Malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi m'thupi, ndipo mtima wa munthu wochepa magazi umagunda msanga ngakhale pa ntchito yaing'ono. Ngati mukukodza magazi, kalandireni mankhwala a likodzo kaye. Ngati mwangochira malungo, dikirani mpaka mphamvu zibwerere.

Ndaona kuti amene amavulala kawirikawiri ndi anyamata amphamvu, osati ofooka. Msodzi wozolowera kupalasa bwato ndi kukoka khoka amaganiza kuti kuwerama mpaka kugwira zala za kumapazi ndi nkhani yaing'ono. Zoona zake nzakuti minofu yake njolimba koma njouma, makamaka kumbuyo kwa ntchafu ndi m'chiuno. Akadzikakamiza, kulemera konse kumagwera pamsana. Komanso mitsempha yomanga mafupa m'mawondo ndi m'mapewa imachedwa kuzolowera kusiyana ndi minofu, ndipo ikang'ambika imatenga miyezi kuti ipole. Alendo amene mumawaona akupinda thupi ngati ndowe yaiwisi aja, ambiri akhala akuphunzira kwa zaka. Musapikisane nawo, ndipo musalole mnzanu kukukankhani pamsana kuti mufike pansi.

Yambani ndi mphindi 10 kapena 15, masiku atatu pa mlungu. Tenthetsani thupi poyenda ndawala pang'ono musanadziwongole. Powerama, pindani mawondo pang'ono. Pumani ndi mphuno modekha. Mukaona kuti mwayamba kubanika kapena kusunga mpweya, ndiye kuti mwapyola muyeso wanu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwachikatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, kapena mphindi 75 ngati masewerowo ndi olimba. Kulima, kutunga madzi ndi kupalasa njinga zimawerengedwa momwemo, choncho mlimi amene wachokera kumunda sayenera kudziumiriza kuwonjezera ola lina.

Nthawi yabwino ndi mmamawa dzuwa lisanakwere, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene Mangochi amatentha koopsa. Musasewere mutangodya nsima. Papite maola awiri kapena atatu. Imwani madzi a pamjigo kapena othira klorini musanayambe ndiponso mukamaliza. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi likusowa madzi. Abale athu Achisilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadani achepetse masewerowa, kapena achite usiku atamasula ndi kupumulako. Mukatuluka thukuta, sambani madzi a pamjigo m'malo mothamangira m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira sikoopsa. Kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Koma ululu wobaya m'bondo, pakhosi kapena pamsana, ndiponso dzanzi lotsikira kumwendo kapena kumkono, ndi chizindikiro choti muleke pomwepo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, khalani pansi pamthunzi, ndipo wina akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.