Tsiku Limene Mutu wa Simone Biles Unakana

Pa 27 Julho chaka cha 2021, mu mzinda wa Tokyo, mtsikana wa ku Amereka Simone Biles anathamanga, nadumpha, nazungulira m'malere. Anayenera kuzungulira kawiri ndi theka. Anazungulira kamodzi ndi theka basi, ndipo anatera pansi movutikira. Patangopita mphindi zochepa anauza aphunzitsi ake kuti sapitiriza mpikisano.

Awerengi athu adziwe kuti ameneyu sanali wophunzira kumene. Pa masewero a jinasitika, aja odumpha ndi kutembenuzika m'mwamba, dziko lonse linkamudziwa ngati katswiri woposa onse. Ku Rio de Janeiro mu 2016 anatenga mendulo zinayi zagolide. Mwendo unali bwino, msana unali bwino. Chimene chinavuta ndi mutu.

Anzake a masewerowa vutoli amalitcha twisties. Munthu ali m'malere, mwadzidzidzi sadziwanso kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba. Thupi limene laphunzira kwa zaka zambiri limaleka kumvera mwini wake. Wampira akasokonezeka maganizo amangophonya golo. Wa jinasitika angathe kutera ndi khosi, osadzayendanso.

Ena anamunyoza kuti wathawa nkhondo ndi kusiya anzake. Onyozawo ambiri anali atakhala pa mpando kunyumba kwawo. Anaiwala kuti m'bwalo la ku Tokyo munalibe oonerera chifukwa cha Covid-19, ndipo makolo ake sanaloledwe kupita. Anaiwalanso kuti mu 2018 Biles anaulula kuti nayenso anachitidwa zachipongwe ndi Larry Nassar, dotolo wa timu yawo, amene khoti linamulamula kukhala m'ndende mpaka zaka 175. Katundu yenseyu anali pamutu pa mtsikana wa zaka 24.

Anapuma zaka ziwiri. Pobwerera mu 2023, anali atawonjezera chinthu chimodzi pa ntchito yake: kuonana ndi dotolo wa za maganizo mlungu uliwonse, tsiku Lachinayi, mosaphonya, monga mmene saphonyera zolimbitsa thupi. Ku Paris mu 2024 makamera anamujambula atakhala phee, maso ali chitsinzinire, akupuma pang'onopang'ono pamene bwalo lonse likusokosa.

Kukhala phee kumeneku kuli ndi mwambo wake. Munthu amaika maganizo ake onse pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka. Ganizo la mantha likabwera, lija loti "nanga ndikagwa?", salithamangitsa, komanso salitsatira. Amangoliona kuti labwera, nabwereranso ku mpweya wake. Kupuma mofatsa kumatsitsa kugunda kwa mtima, minofu nkumasuka. Njirayi inachokera ku chipembedzo cha Chibuda, ndipo Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala mu 1979 pa yunivesite ya Massachusetts. Ku masewero inatchuka ndi Phil Jackson, mphunzitsi wa timu ya basiketi ya Chicago Bulls, amene anaitana George Mumford kuti aziphunzitsa Michael Jordan ndi anzake kukhala chete. Timuyo inatenga chikho mu 1996, 1997 ndi 1998. Tisanamizane, timu yokhala ndi Jordan ikanawina zambiri ngakhale popanda kutsinzina.

Ndipo kupuma kokha sikukanapoletsa bala limene Nassar anasiya. Lija linafuna dotolo, nthawi, ndi anthu omvetsera. Aphunzitsi amene amauza mwana kuti "puma, limba mtima" kenaka nkumukankhira m'bwalo, asanene kuti akutsanzira Biles. Iye anayamba wachoka m'bwalomo.

Ku Paris anatenga golide katatu. M'mawa wa tsiku la mpikisano waukulu wa payekha, iye mwini ananena kuti anayamba walankhula ndi dotolo wake asanapite kubwalo.

Pa 5 Agosto, tsiku lake lomaliza, anagwa pa kamtengo kopingasa kaja kamene amayendapo, mendulo nkumuphonya. Anadzuka, nakapikisana pa masewero a pansi, ndipo anakhala wachiwiri. Golide anapita kwa Rebeca Andrade wa ku Brasil. Pa nthawi yolandira mendulo, Biles anagwada bondo limodzi, nawerama pamaso pa Andrade, akuseka.