Kanema wa Nkhondo, wa Achifwamba ndi wa Akauboyi: Kodi Oonera Amatolamo Chiani?

Pa mitundu yonse ya kanema ilipo itatu imene yautsa mikangano kopambana inzake, ndiyo ya nkhondo, ya achifwamba, ndi ya akauboyi, abusa a ng'ombe aja okwera pa akavalo m'zipululu za kumadzulo kwa America. M'mitundu itatu yonseyi mumalira mfuti, ndipo anyamata amaikonda koposa. Ena amati kanema wotere aononga ana; ena amati ndi masewera chabe, mwana akadzuka m'mawa waiwala zonse. Tsono popeza mlandu sauweruza osamva mboni, tiyeni timve anthu amene adakhala pa mipando naonera ndi maso ao.

Za kanema wa nkhondo

M'chaka cha 1930 ku America adatulutsa kanema wotchedwa All Quiet on the Western Front. Nkhani yake ndi ya anyamata a pa sukulu a ku Germany, amene mphunzitsi wao adawakopa ndi mau okoma kuti akalowe usilikali pa nkhondo ya 1914, ndipo iwo adakafera m'maenje mmodzimmodzi. Anthu ambiri ataonera adati chithunzichi chaulula zoona, kuti nkhondo imadya ana a eni. Koma mu December chaka chomwecho, pamene chidafika mu mzinda wa Berlin, otsatira a Hitler, motsogozedwa ndi Joseph Goebbels, adalowa m'nyumba ya kanema, namasula mbewa zoyera, naponya zinthu zonunkha, nafuula kuti chithunzicho chikunyoza asilikali a dziko lao. Patapita masiku owerengeka boma lidachiletsa. Taonani: chithunzi chidali chimodzi, koma wina adaonamo chisoni cha amai ofedwa, wina adaonamo chipongwe.

Zaka zambiri pambuyo pake, mu 1998, kudabwera Saving Private Ryan, kanema woonetsa kutsika kwa asilikali pa gombe la Normandy pa 6 June 1944. Nkhalamba zimene zidamenya nao nkhondoyo zidachitira umboni kuti zinthu zidalidi choncho. Zina zidalephera kupirira, zidatuluka kanema ali m'kati, kotero kuti ofesi ya boma yosamala asilikali akale ku America idakonza nambala ya lamya yoti osautsidwa mumtima aziimbako. Komatu mnyamata amene sadanunkhizepo wonga angathe kuonera zomwezo mtima uli dyokodyoko ndi chimwemwe. Nchifukwa chake François Truffaut, katswiri wopanga kanema wa ku France, adanenapo kuti kanema aliyense wa nkhondo amatsiriza ndi kuikometsa nkhondoyo. Pa nsalu yoonetserapo zithunzi imfa ilibe fungo, ndipo wakufayo akatha ntchito amadzuka nakalandira malipiro.

Za kanema wa achifwamba

Pa zaka za 1931 ndi 1932 kudatuluka zithunzi zitatu za mbava zoopsa za m'mizinda ya America: Little Caesar, The Public Enemy ndi Scarface. Makolo ndi atsogoleri a mipingo adadandaula kwambiri. Malamulo oongolera opanga kanema adalipo kale kuyambira 1930, ndipo amene adawalemba ndi Akatolika awiri, Bambo Daniel Lord a chipani cha Ayezuiti ndi mkristu wina wolemba nyuzi, Martin Quigley. Koma malamulowo adayamba kugwira ntchito molimba mu 1934, pamene Akatolika miyandamiyanda adalonjeza kusaponda m'nyumba yoonetsa zonyansa, ndipo adakhalapo kufikira 1968. Mfundo ina yaikulu idali yakuti chithunzi chisachititse woonera kukhala mbali ya wochimwa. Motero chigawenga chinkayenera kugwidwa kapena kufa pa mapeto.

Kodi mankhwalawa adachiza nthendayo? Timve za ku Johannesburg. Kumeneko kudafika kanema wa mu 1948 wotchedwa The Street with No Name, amene cholinga chake chidali kutamanda apolisi ofufuza milandu. Anthony Sampson, amene adali mkonzi wa magazini ya Drum, adapita kukaonera pamodzi ndi atsotsi, nalemba zimene adaona. Apolisi akaonekera, anyamatawo ankanyodola. Koma akatulukira Stiles, mkulu wa achifwamba, amene ankasewera ndi Richard Widmark, nyumba yonse inkaomba m'manja. Ku Sophiatown anyamata adayamba kuvala chikhoti chonga chake, ndi kumadya apozi poyenda monga ankachitira iye. Stiles adafadi pa mapeto monga lamulo lidafunira, koma mphindi zochepa za chilango sizidafafanize ola lathunthu la zovala zokongola, galimoto ndi ulemu umene anzake ankampatsa. Kwa mnyamata wosowa ntchito, woyenda ndi mantha a chiphaso m'thumba, munthu wosaopa polisi ndiye adali mfumu.

Za kanema wa akauboyi

Mtundu uwu ndi wakale ndithu, pakuti The Great Train Robbery adatuluka mu 1903; ndipo kuno kwathu ndiwo udayamba kukondedwa. Ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, imene lero ili m'dziko la Zambia, kumene amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwirako ntchito, eni migodi ankaonetsa bayisikopo pa bwalo usiku. Mai wina wophunzira za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, nalemba zimene oonera ankanena. Kauboyi aliyense wopambana ankamutcha Jack. Khamu linkaimirira, kufuula, kumchenjeza za mdani wobisala, ndi kuyamikira nkhonya zake ndi kavalo wake. Kutacha ana ankasema mfuti zamitengo nasewera za Jack m'makomboni.

Boma la atsamunda lidaopa zimenezi, ndipo lidaika bungwe lodula zithunzi anthu akuda asanazione. Ankachotsa akazi osavala bwino, kuledzera, ndiponso malo oonetsa Azungu atagwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko a ku America. Koma lumo lija lidaduladula nkhani kufikira mutu wake udasokonekera. Chingerezi cha akauboyi nacho ambiri sankachimva. Chotsala nchiani tsono? Akavalo, liwiro ndi nkhonya. Oonera adadzipangira okha nkhani yao, ya munthu wamphamvu amene saponderezedwa ndi wina aliyense. Ndipo kwa anthu olamulidwa ndi kapitao usana wonse, nkhani yotere idali yotsekemera.

Chodabwitsa china chidapezeka ku America komweko. Mu 1992 mai wina wofufuza, JoEllen Shively, adafalitsa zimene adapeza ataonetsa The Searchers, kanema wa John Wayne wa mu 1956, kwa amuna makumi awiri achizungu ndi makumi awiri a mtundu wa eni dziko, anthu omwe aja amene m'zithunzi zotere amakhala adani ophedwa. Ife tikadaganiza kuti iwowa akwiya. Ai, magulu onse awiri adakhala mbali ya John Wayne. Kusiyana kudali apa: Azungu ambiri adaona chithunzicho ngati mbiri yoona ya makolo ao, pamene eni dziko aja sadachiyese mbiri, koma adakondamo moyo waufulu wa munthu woyenda m'dziko lotakasuka popanda womlamula. Komabe si onse adakhala chete: mu 1973 Marlon Brando adakana mphotho ya Oscar, natuma Sacheen Littlefeather kukanena poyera kuti kanema wa ku Hollywood wanyazitsa mtundu umenewu nthawi yaitali.

Tiphunzirapo chiani?

Mboni zonsezi zigwirizana pa chinthu chimodzi: wopanga kanema amafesa china, woonera nakolola china, molingana ndi njala imene ali nayo mumtima. Wofedwa amaona maliro, woponderezedwa amaona mpulumutsi, mnyamata wonyozeka amaona njira yopezera ulemu. Papa Pio XI adaizindikira mphamvu imeneyi pamene adalemba kalata yake Vigilanti Cura mu 1936, m'mene adakumbutsa kuti zithunzi zimalankhula ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga, napempha maepiskopi kuti akhazikitse maofesi oyesa kanema ndi kudziwitsa Akristu wabwino ndi woipa. Kusankha nkofunikadi, ndipo zilipo zithunzi zimene mwana sayenera kuziona konse. Koma za ku Luanshya ndi ku Sophiatown zationetsa kuti lumo palokha silikwanira.

Njira ina idaoneka ku Léopoldville, mzinda umene lero ndi Kinshasa. M'zaka za m'ma 1950 anyamata osowa ntchito kumeneko adapanga magulu otchedwa ma Bill, potengera dzina la Buffalo Bill, navala zipewa ndi mipango ya akauboyi, nasautsa anthu m'miseu. Wansembe wina wa chipani cha Scheut, Bambo Jef De Laet, sadawathamangitse. Adaphunzira chilankhulo chao chachinsinsi, nakhala pakati pao, nawasonkhanitsa m'magulu a achinyamata, mpaka anthu adamutcha Père Buffalo. Iye adafuna kudziwa chimene anyamatawo ankasowa, osati chimene ankaonera chokha.

Masiku ano bayisikopo sadikiranso Loweruka pa bwalo. Ali m'tinyumba ta vidiyo pa msika, momwe ena amamasulira mau m'Chichewa, ndipo ali m'foni imene mwana amagona nayo. Tsono inu bambo, inu mai, musangoti "Zimitsa!" nkutembenuka. Khalani pansi nthawi zina, muonere naye limodzi, ndipo chikatha mumfunse: Wakonda yani, ndipo chifukwa ninji? Uja waomberedwa uja, kodi adalibe mai wake? Ndalama zija adazipeza bwanji, ndipo adalira ndani kuti iye aseke? Yankho la mwana lidzakuululirani njala ya mtima wake, kaya ndi ya ulemu, kaya ndi ya chitetezo, kaya ndi ya bambo womuyamikira. Njala imeneyo mukaidziwa, idyetseni pakhomo, pakuti akulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene amalemekezedwa kwao sadzapita kukapempha ulemu kwa Stiles.