Phuma ndilo limatha mpweya pansi pa nyanja

Ku Kambiri Point, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga ku Salima, kulowa pansi pa nyanja ndi ntchito yodyetsa mabanja. Kumeneku ndi komwe malemu Stuart Grant anakhazikitsa kampani yotumiza kunja mbuna ndi nsomba zina zamawangamawanga, zogwidwa zamoyo m'matanthwe a pansi pa madzi. Alendonso amafika ku Senga Bay kudzaona nsombazi kuzilumba za Maleri ndi Namalenje. Aliyense akabereka silinda ya mpweya kumsana, nkhawa imakhala imodzi: mpweyawu undifikitsa pati?

Choyamba kuwerengera ndi kuya. Madzi amapanikiza thupi, ndipo chipangizo chopumira chotchedwa regulator chimapereka mpweya wolingana ndi kupanikizako. Choncho pa mamita 10 munthu amatha mpweya wowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kumtunda, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanayi. Silinda ya malita 12 yopopedwa kufika pa 200 bar imasunga malita 2,400. Wopuma malita 20 pa mphindi angakhale nayo maola awiri ali m'boti, koma pa mamita 30 theka la ola lokha yauma.

Kuya sikusinthika, koma kapumidwe kamaphunzirika. Chimene chimam'kakamiza munthu kupuma si kuchepa kwa okosijeni kwenikweni, koma kuchuluka kwa mpweya woipa wa carbon dioxide m'magazi. Wopuma mwawefuwefu amangosuntha mpweya wa pakhosi ndi m'mipope ya m'chifuwa, wambiri osafika mkati mwa mapapo. Woipawo umaunjikana, mutu umayamba kuwawa, mantha amabwera, geji yoonetsa mpweya wotsala n'kumatsika msangamsanga. Mankhwala ake ndi kukoka mpweya pang'onopang'ono mpaka mimba itukuke, kenako kuutulutsa mosafulumira.

Kayendedwe nako n'kofunika. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, motero wothamangitsa nsomba, wopalasa ndi manja kapena womanga mtovu wambiri m'chiuno amatopa msanga. Wozolowera amagona chopingasa, manja atapinda pachifuwa, miyendo yokha ikukankha mwaulesi. M'miyezi ya mwera, madzi akazizira, chovala chofunditsa thupi chimapulumutsa mpweya chifukwa wonjenjemera amapuma kwambiri. Fodya nayenso amafooketsa mapapo.

Pali njira imodzi yosungira mpweya imene imapha: kugwira mpweya m'chifuwa. Munthu akamakwera, mpweya wa m'mapapo umafufuma, ndipo kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba umakula pafupifupi kawiri. Ukasowa potulukira umang'amba mapapo, thovu lake n'kulowa m'magazi mpaka ku ubongo. Ogwira nsomba zamoyo amadziona ndi maso zimenezi: nsomba ya pakuya ikakwezedwa mwachangu imatupa mimba, n'chifukwa chake amaikweza pang'onopang'ono.

Kukwera mofulumira kulinso ndi vuto lina. Mpweya wa nitrogen wolowerera m'thupi pakuya umasanduka thovu, lomwe limapweteka m'mfundo ngakhale kupuwalitsa ziwalo. Malamulo a ntchitoyi amati kwerani modekha, imani mphindi zitatu pa mamita 5, ndipo fikani pamwamba geji isanatsike kupitirira 50 bar. Wina akatuluka n'kumamva dzanzi, chizungulire kapena kubanika, agonekedwe, apatsidwe okosijeni ngati alipo, ndipo athamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche.