Mwana akagwa m'mowa ndi chamba, tithamangire kuti?

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kulowera ku Zalewa amadziwa mmene Lirangwe imakhalira dzuwa likapendeka. Malole amaima, a kabaza amalimbirana okwera, amayi amayala tomato ndi usipa wouma m'mbali mwa msewu, ndipo kuseri kwa magolosale kumakhala timagulu ta anyamata tikupatsirana timabotolo ta mowa waukali tomwe adatitcha midoli. Ku Chileka nakonso n'chimodzimodzi: ndege zimatera ndi kunyamuka, koma m'midzi yozungulira bwaloli kachasu amatchezedwa ndipo chamba sichisowa. Ena mwa anyamatawa ndi ana athu ochokera ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, amene adabwera kumtunda kuno kudzagulitsa nsomba kapena kudzafuna maganyu. Adachoka kwawo akudziwa kuwerenga Qur'an, koma lero ena a iwo sakumbukira tsiku lomwe adapondako komaliza mumzikiti.

Pa khutba ya Lachisanu timanena mosapsatira kuti zoledzeretsa ndi haraam, ndipo sitidzasiya kunena. Koma mayi wa ku Makanjira akalandira foni yoti mwana wake akugona m'ngalande ku Lirangwe, sakhala akufunsa ngati mowa ndi wololedwa kapena ayi. Zimenezo amazidziwa kale. Funso lake limakhala limodzi: ndimutengere kuti?

Malo amene alipo

M'dziko muno, dzina limene limatchulidwa kwambiri pa ntchito yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ndi la St John of God, bungwe la mpingo wa Katolika lomwe silichita ntchito yake pofuna phindu. Abale a chipani chimenechi ochokera ku Ireland adafika ku Mzuzu mu 1993 ndipo adayamba kusamalira odwala matenda a m'maganizo. Ntchito idakula: lero kuli chipatala chogoneka odwala chotchedwa House of Hospitality, sukulu ya ukachenjede yophunzitsa anamwino, madokotala ndi aphungu a za m'maganizo, ntchito ya Umoza yosamalira ana opezeka m'misewu, komanso ntchito yothandiza anthu ofuna kumasuka ku uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pambuyo pake bungweli lidatsegula chipatala china ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe, zomwe zidafupikitsa ulendo kwa anthu a m'chigawo chapakati ndi chakumwera.

Chithandizo cha malo otere chimayenda m'magawo. Choyamba achipatala amamupima munthu thupi lonse ndi maganizo omwe, chifukwa uchidakwa nthawi zambiri umabwera ndi anzake: chiwindi chotupa, kuthamanga kwa magazi, kukhumudwa kosatha, nthawi zina chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV. Kenaka amamuthandiza kuti thupi lizolowere kukhala lopanda mowa, achipatala akumuyang'anira usana ndi usiku. Akatsitsimuka, amakhala pamalopo kwa masabata angapo akulandira uphungu payekha komanso pagulu limodzi ndi anzake a vuto lomwelo. Amaphunzira kuzindikira zomwe zimamudzutsira chibaba, kaya ndi anzake akale, ndalama zobwera mwadzidzidzi, mkwiyo kapena kusowa chochita. Achibale nawo amaitanidwa, pakuti nyumba yomwe munthu adadwaliramo ndi yomwenso akabwerereko.

Kwa banja la ku Chileka kapena Lirangwe, khomo loyandikira ndi la boma. Chipatala chaching'ono cha m'deralo chikhoza kulemba kalata yotumiza wodwala ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre, komwe kuli gawo loona za matenda a m'maganizo. Amene matenda awakulira amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matendawa. Kumeneko munthu amene chamba chamusokoneza mutu amalandira mankhwala mpaka nzeru zibwerere. Koma chipatala chikamutulutsa, amabwerera pa msika womwe uja, pakati pa anzake omwe aja. Mpata waukulu uli pamenepo.

Chifukwa chake unyolo si mankhwala

Mabanja ambiri akatopa amachita zimene akuganiza kuti ndi chikondi: amamutsekera mnyamata m'chipinda, ena amamumanga ndi chingwe kapena unyolo, n'cholinga choti mowa umuthere m'thupi. Tikupempha makolo amvetse bwino pano. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, thupi lake limafika pomadalira mowawo. Akasiya mwadzidzidzi, patangopita maola ochepa amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusowa tulo. Tsiku loyamba kapena lachiwiri akhoza kugwa ngati wakhunyu. Pofika tsiku lachitatu ena amabalalika mutu, kuona zinthu zomwe palibe, kutentha thupi ndi kuthamanga mtima, ndipo munthu akhoza kumwalira ngati salandira chithandizo. Achipatala ali ndi mankhwala oziziritsa zimenezi komanso mavitamini oteteza bongo. Panyumba palibe.

Zizindikiro zomwezi ndi zomwe ena amazitcha majini kapena kulodzedwa. Kuwerengera wodwala Qur'an ndi kumupangira dua n'zabwino, ndipo tizichita. Koma Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adatilamula kufunafuna mankhwala, natiphunzitsa kuti Allah sadatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake. Sheikh woopa Allah akaona munthu akunjenjemera chotere, amuwerengere ali m'galimoto yopita ku chipatala.

Malamulo alipo, koma botolo likutchipabe

Boma silidakhale chete. Mu 2015 lidaletsa mowa waukali wa m'masacheti, womwe ana asukulu ankaubisa m'matumba a yunifolomu. Makampani adakadandaula ku khoti, koma pamapeto pake chiletsocho chidakhazikika. Mu 2017 dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyendetsera nkhani za mowa, patatha zaka zambiri mabungwe monga Drug Fight Malawi akulimbikira. Komabe mowa uja udangosintha chovala, kuchoka m'kapepala kulowa m'kabotolo, ndipo mtengo wake mnyamata wa kabaza amaukwanitsa akangonyamula wokwera mmodzi kapena awiri. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, koma ndi ogulitsa angati amene amafunsa zaka?

Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Achinyamata ena adamva theka la nkhaniyo n'kumauzana kuti chamba chaloledwa. Sichidaloledwe kusuta, ndipo wopezeka nacho popanda chilolezo amamangidwa. Kwa Msilamu nkhaniyi idatha kalekale: Mtumiki adaphunzitsa kuti chilichonse choledzeretsa chili m'gulu la khamr, ndipo Umar bin Khattab (Allah asangalale naye) adafotokoza kuti khamr ndi chomwe chimaphimba nzeru. Chikhale chomwa, chosuta, chonunkhiza kapena mankhwala a chifuwa omwedwa mopyola muyezo, lamulo lake ndi limodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidati mu 2019 mokha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa. Nzeru ndi chimodzi mwa zinthu zisanu zomwe Shariah idadza kudzateteza, pamodzi ndi chipembedzo, moyo, mtundu ndi chuma. Uchidakwa umawononga zonse zisanu.

Mmene Qur'an idachizira mtundu wonse

Aluya a nthawi ya umbuli ankakonda mowa ngati madzi. Allah, mwa nzeru Zake, sadauletse tsiku limodzi. Mu Surah Al-Baqarah ndime 219 adayamba ndi kuwatsegula maso kuti tchimo la mowa ndi juga likuposa phindu lake. Mu Surah An-Nisaa ndime 43 adawaletsa kuyandikira Swala ali oledzera, ndipo poti Swala ndi zisanu pa tsiku, nthawi yomwera idachepa. Pomaliza, mu Surah Al-Maidah ndime 90 ndi 91, lamulo lidatsika lakuti autalikire kotheratu, ndipo Maswahaba adakhuthula mitsuko yawo mpaka mowa udayenderera m'misewu ya Madina. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adafotokoza kuti chikhala kuti chiletso ndicho chidayamba kutsika chikhulupiriro chisadazike mizu, anthu akadakana kusiya.

Sitikunena kuti lero munthu aloledwe kumwa pang'onopang'ono. Lamulo lidakwanira ndipo mowa ndi haraam dontho lililonse. Phunziro lake ndi lakuti Mlengi, amene amaudziwa mtima wa munthu, adayamba ndi kukonza mtima, nadzaza tsiku ndi mapemphero, nazunguliza munthu ndi anzake abwino. Aphungu a lero akamanena zosintha maganizo, zokhala ndi ndondomeko ya tsiku ndi zosankha anzako, akuyenda m'njira yomwe Madina idadutsamo.

Muli nkhani ina m'buku la Imam Bukhari yomwe tiyenera kuikumbukira tikamakamba za zidakwa za m'mabanja mwathu. Padali Swahaba wina amene ankabweretsedwa kwa Mtumiki mobwerezabwereza chifukwa cha kumwa. Tsiku lina munthu wina adamutemberera potopa naye. Mtumiki adamuletsa, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Chilango adalandira, koma sadachotsedwe pagulu. Ife lero timachita zosiyana: mnyamata akamveka fungo la mowa timamuthamangitsa pakhomo la mzikiti, ndipo khomo lokhalo lomwe limamulandira ndi manja awiri ndi la shabini.

Kodi Msilamu angathandizidwe pa malo a Akhristu?

Makolo ambiri amafunsa zimenezi. Maulama amavomereza kulandira chithandizo kwa dokotala wodziwa ntchito ndi wokhulupirika ngakhale asakhale Msilamu, monga momwe timachitira ku zipatala za mishoni tikadwala malungo kapena amayi akamakachira. Banja lifunse momasuka asadamugoneke wodwala: za chakudya cha halaal, za malo ndi nthawi yoswalira, za kuloledwa kuti sheikh azidzamuona, komanso za ndalama zofunika. Kumusiya mwana afe ndi mowa poopa khomo la chipatala si kuteteza chikhulupiriro chake.

Komabe funsoli liyenera kutibaya ife atsogoleri. Tamanga mizikiti, madrasa, sukulu ndi zipatala, takumba zitsime, timagawa chakudya mwezi wa Ramadhan ndi nyama pa Eid ya Qurbani. Nanga mwana wathu wogwa m'mowa tamukonzera chiyani? Anzathu kwina adayamba kale. Ku Zanzibar, komwe heroin idasautsa achinyamata ambiri, anthu amene adasiya okha mankhwalawa adatsegula nyumba zomwe ochira amakhaliramo limodzi n'kumalimbikitsana. Ku Baltimore m'dziko la America, mu 1989 Asilamu adayambitsa gulu la Millati Islami, lomwe lidatenga njira ya masitepe 12 ya gulu la Alcoholics Anonymous n'kuikonza kuti igwirizane ndi Qur'an ndi Sunnah. Ku Indonesia, sukulu ya Chisilamu ya Suryalaya ili ndi malo otchedwa Inabah, komwe ochira amatanganidwa ndi kusamba, Swala ndi dhikr. Palibe mwa izi chomwe chidayamba ndi nyumba zosanja.

Zomwe tingayambe mawa lino

Mutu umodzi susenza denga. Mzikiti uliwonse wa ku Chileka, Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka ungathe kusankha anthu awiri kapena atatu osunga chinsinsi, mwamuna ndi mayi yemwe, oti banja lovutika liziwafikira popanda kuopa kuti nkhani ifika pa chitsime. Anthu amenewa adziwe njira ya ku chipatala ndipo aziperekeza wodwala. Chipinda cha madrasa chomwe chimakhala chotseka madzulo chingathe kukhala malo okumanirana kamodzi pa sabata kwa amene atuluka ku chipatala, mothandizidwa ndi mphungu wophunzira. Mabungwe athu akuluakulu monga Muslim Association of Malawi, Qadria Muslim Association of Malawi ndi Islamic Zakaat Fund angaganizire zolipirira achinyamata athu maphunziro a uphungu, ndipo Radio Islam ingapereke mpata woti madokotala ndi masheikh azikambirana nkhaniyi pamodzi. Wodwala amene ndi wosauka ali m'gulu la oyenera Zakaat lotchulidwa mu Surah At-Tawbah ndime 60; thandizo lake lingaperekedwe molunjika ku mayendedwe ndi ku chipatala, osati m'manja mwake pamene chibaba chidakalipo.

Amalonda a Chisilamu nawo ali ndi gawo lawo. Munthu wochira akakhala manja lende amabwerera kumene adachoka. Kumuphunzitsa ukalipentala, kuwotcherera zitsulo kapena kumupatsa ntchito pa golosale ndi swadaka yopitirira.

Kwa inu makolo a m'mbali mwa nyanja amene ana anu ali kumtunda kuno: musadikire uthenga wa maliro. Mwana akasiya kutumiza ndalama, akamazimitsa foni, akamapempha thandizo pafupipafupi pa zifukwa zosamveka, tumizani amalume ake adzamuone ndi maso. Akapezeka kuti wagwa, musayambe ndi kumufunira mkazi poganiza kuti banja limuwongola. Mwana wa eni adzangolowa m'mavuto. Yambani ndi chipatala. Ndipo akachira n'kudzagwanso patapita miyezi, musanene kuti ndalama zidapita pachabe. Kubwerera m'mbuyo kumachitika kawirikawiri pa matenda amenewa, ndipo ambiri amene lero atha zaka osalawa dontho adagwapo kangapo asadaime. Khomo la tawba silitsekedwa munthu akadali ndi mpweya, choncho lathu lisatsekedwe msanga kuposa la Allah.

Tikupempha Allah achize odwala athu, alimbitse mitima ya amayi amene sagona tulo chifukwa cha ana awo, ndipo atipatse ife atsogoleri mphamvu yochita zoposa kulalikira. Ameen.