Kukonzera Kagalimoto Kakale Njira za Matope ndi Miyala: Mafunso ndi Mayankho

Mwa magalimoto ang'onoang'ono okoka ndi matayala onse anayi, ndi ochepa amene apirira zaka ndi nkhanza za misewu monga aja a Suzuki otchedwa SJ410 ndi SJ413, yachiwiriyi ndiyo imene ku America adaipatsa dzina la Samurai; ndipo popeza ena a iwo, pamodzi ndi abale awo a Escudo ndi Jimny, akali kuyenda m'misewu yathu ya fumbi, kunyamula aphunzitsi, alimi ndi abusa kumene phula silidafike, ndaona kuti n'koyenera kuyankha mafunso amene eni ake amafunsa akafuna kuwakonzera njira zoipa.

Funso: Kodi, bambo, kagalimoto kokalamba ndi kochepa chotere kali ndi ulemerero wanji woti munthu n'kutayirapo ndalama, pamene pali Land Cruiser imene mphamvu zake adziwa aliyense?

Yankho: Ulemerero wake uli m'kupepuka kwake, ndipo amene sazindikira ichi adzawononga ndi manja ake omwe chinthu chimene adachigula ndi thukuta. A Suzuki adayamba kupanga timagalimoto totere ku Japan mu 1970. SJ410 idatuluka mu 1981 ndi injini ya 970cc, ndipo SJ413 idatsatira mu 1984 ndi injini ya 1324cc, ya mahosipawa ongopitirira pang'ono 60. Thupi lake lidakhazikidwa pa chasisi ya zitsulo ziwiri zazitali zomangidwa ndi zina zopingasa. Ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe ndi yosapindika, yomangidwa ku masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Ndipo kuseri kwa giyabokosi kuli bokosi lina la magiya, transfer case, logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, momwenso muli giya yotsika, ya low range. Zonsezi pamodzi sizifika tani imodzi, pamene Land Cruiser ipitirira matani awiri. Chifukwa chake padambo pamene yaikuluyo imira kufikira m'mimba, kakang'onoka kamadutsa pamwamba, ndipo kakatitimira, amuna anayi okhala ndi makasu amakatulutsa. Mu 2007 anthu awiri a ku Chile, Gonzalo Bravo ndi Eduardo Canales, adakwera ndi Samurai yokonzedwa paphiri la Ojos del Salado kufika mamita 6,688, pamene panthawiyo panalibe galimoto idafikapo.

Funso: Nanga ndiyambire pati?

Yankho: Muyambire pa kuchiritsa zimene zadwala, musanagule kanthu kalikonse konyezimira; pakuti tayala lalikulu ndi sipuling'i yaitali sizibisa nthenda yakale, koma zimaifulumizitsa. Lowani pansi pa galimoto ndi kahamala, mugogode chasisi pamene masipuling'i amangidwa ndi pafupi ndi bokosi la chiwongolero: chitsulo chamoyo chimalira ngwee, koma chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti phu, nichigwetsa makoko ofiira. Kwezani tayala lakutsogolo ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamveka gwedegwede, mabelingi a kingpin kapena a tayala atha, ndipo ameneyo ndiye mayi wa kunjenjemera koopsa kwa chiwongolero kumene kumagwira timagalimoto timeneti tikagunda dzenje tili paliwiro. Tsegulani difu, muviike chala: oyilo akatuluka wotuwa, madzi adalowamo kale. Mabuleki, mabushi, redieta ndi kalachi zikhale bwino poyamba. Ntchito imeneyi ilibe ulemu pamaso pa anthu, chifukwa galimoto ituluka m'galaja monga idalowera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ambiri okometsedwa kunja amagona m'njira chifukwa cha belingi imodzi.

Funso: Ndamva kuti matayala aakulu ndiwo chiyambi cha zonse. Kodi n'zoona?

Yankho: N'zoona ndithu, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene pagona phindu lalikulu ndi chinyengo chachikulu chomwe. Chinthu chotsikitsitsa pansi pa galimoto yotere ndi mutu wa difu, umene umakhala pakati pa ekiselo. Ndiwo umagunda mwala, ndiwonso umakwawa pamtumbira wapakati pa msewu wokumbidwa ndi malole m'nyengo ya dzinja. Ngakhale mutakweza thupi kufikira kumitambo, difu ikhala pomwe idali, pakuti palibe chimene chimaikweza koma tayala lokha. Samurai idatuluka ndi matayala a 205/70R15, amene kutalika kwake kuli pafupi ndi masentimita 67. Tayala la mainchesi 31, limene anyamata amalilakalaka, ndi la masentimita 79, motero difu ikwera ndi masentimita 6, theka la kusiyanako.

Koma walira mvula walira matope. Tayala limenelo n'lalikulu ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo mphamvu yofika pansi imachepa ndi muyeso wonga womwewo: kainjini kamene kadali kochepa kale kamalephera giya yachisanu pachitunda, kalachi imapsa ponyamuka, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo sipidomita ikaloza 80 galimoto ili pa 94, mwini wake osadziwa. Koposa apo, mfundo za ekiselo yakutsogolo, zimene amakaniko amati ma CV, zidapangidwira tayala laling'ono. Tayala lolemera likazungulira m'malere kenaka n'kugwira mwala mwadzidzidzi, chiwongolero chili chokhota, mfundoyo imasweka. Kwa munthu amene kagalimoto kake ndi komweko kopitira ku ntchito ndi kumudzi, ine ndimalangiza 215/75R15, kapena akalimbikira 235/75R15, imene ikweza difu ndi masentimita atatu. Ndipo asamale kwambiri za mano a tayala kuposa msinkhu wake. M'makande, dothi lakuda lija limene limamatirira mvula ikagwa, tayala la mano oyandikana limadzaza n'kusalala, pamene la mano otalikirana limataya matope pozungulira. Mumchenga wa kunyanja, mankhwala ake ndi kuphwetsa mpweya kufika pafupi ndi bar imodzi kuti tayala liphwasuke, ndi kupopanso musanakwere phula.

Funso: Ngati difu sikwera, anthu amakwezeranji magalimoto awo?

Yankho: Anzeru amakweza kuti tayala lipeze malo osakhula thupi, ndi kuti mimba ya galimoto isakhale pamzere wa chitunda, ena amakweza kuti aoneke. Masentimita asanu, opezeka ndi masipuling'i atsopano ndi mashoko otalika molingana nawo, akwanira ntchito zonse zimene ndatchula. Ilipo njira ina yotchuka ku America, yochotsa masipuling'i pansi pa ekiselo ndi kuwakhazika pamwamba pake, imene imakweza galimoto masentimita oposa 10 tsiku limodzi. Koma ndiiopa pa galimoto yonyamula banja. Kagalimoto aka n'kakafupi ndi kopapatiza, ndipo kulemera kwake kukakwera m'mwamba kamakhala ngati munthu woimirira m'bwato. Ngakhale kasanakwezedwe, mu 1988 magazini ya ku America ya Consumer Reports idalengeza kuti Samurai imagubuduzika msanga pokhota mwadzidzidzi. A Suzuki adakana, nakasuma kukhoti mu 1996, ndipo mlanduwo udatha mwa kumvana mu 2004. Kaya wolungama adali yani, malonda a Samurai adagwa, ndipo woikweza ayenera kuikumbukira nkhaniyo pa njira iliyonse yopendekeka. Akumbukirenso kuti mapaipi a mabuleki adzafupika, pulopela shafiti idzapendeka niyamba kunjenjemera, ndipo ekiselo ikatembenuka pang'ono, chiwongolero chidzaleka kubwerera chokha pakati. Escudo ya 1988, imene matayala ake akutsogolo amayenda lililonse palokha, siilola n'komwe kukwezedwa kwambiri, pakuti ma CV ake amagwira ntchito atapindika, natha msanga.

Funso: Mphamvu imene matayala adya ndingaibweze bwanji?

Yankho: Ndi magiya, osati ndi phazi. Low range ya Samurai imachulukitsa mphamvu kupitirira pang'ono kawiri. Koma alipo magiya ogulitsidwa olowa mu transfer case momwemo, ena a 4.16:1, ena a 6.5:1, amene amachititsa galimoto kukwawa pamiyala pang'onopang'ono, injini ikungodumira, phazi lili kutali ndi kalachi. Amene adatsikapo msewu wa Golodi, wa makona 20, kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, adziwa kukoma kwa giya yotsika imene imagwira galimoto yokha, mabuleki osatentha. Koma chenjerani ndi ichi: magalimoto amenewa alibe difu yapakati, motero mukalowetsa 4x4 ekiselo zonse ziwiri zimamangidwa pamodzi, padothi matayala amaterereka pang'ono n'kumasula kukokanako, koma paphula louma kulibe kothawira, ndipo magiya amapotana kufikira china chithyoke. Mukafika paphula, bwererani ku matayala awiri, mumasulenso mahabu akutsogolo ngati ali otembenuza ndi manja.

Funso: Makaniko wina wandiuza kuti awotcherere difu yakumbuyo kuti matayala onse azikoka. Ndimulole?

Yankho: Nthenda waiona bwino, koma mankhwala ake ndi owawa. Difu idapangidwa kuti pokhota tayala lakunja lizizungulira msanga kuposa lam'kati, ndipo kufooka kwake n'kwakuti tayala limodzi likakhala m'malere kapena pamatope, limenelo ndilo limazungulira, linzake loponda pouma lili duu. Kuwotcherera kumathetsa zimenezi ndi ndalama zochepa. Koma kuyambira tsikulo matayala adzalira pa kona iliyonse ya mumzinda, adzatha msanga, mashafiti adzatopa, ndipo paphula lonyowa galimoto idzafuna kupita molunjika pamene inu mwakhota. Pa galimoto ya kumunda yokha ndingalole; pa yoyenda pamsewu wa anthu onse, ayi; ndipo kutsogolo musayese n'komwe. Chabwino ndi locker, chotsekera difu chimene woyendetsa amachitseka pofunika ndi kuchimasula akadutsa.

Funso: Nanga za kuwoloka mitsinje?

Yankho: Madzi amalowa pawiri. Akalowa popumira injini, pisitoni imalephera kuwapanikiza, chitsulo chake chimapindika, injini n'kufera pomwepo. Ndiye chifukwa chake ena amaika paipi yokweza popumira kufika kudenga, imene amati snorkel. Khomo lachiwiri n'lobisika: difu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umanyala, n'kuyamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira ka pamwamba pake. Kapaipi ka labala kochokera pa kabowoko kukafika m'mwamba pafupi ndi injini kamatseka khomo limeneli pamtengo wochepa, ndipo sindidziwa ntchito ina yobweza phindu lotere. Disitibyuta ndi mawaya a mapulagi nazo zimaopa madzi. Komabe kupepuka kumene ndidakutamanda padambo ndi mdani mumtsinje wothamanga, pakuti madzi amanyamula kagalimoto kotere msanga. Safunsa adadya phula, choncho funsani eni dera, muyambe mwawoloka ndi miyendo, ndipo madzi akakukankhani m'maondo, dikirani aphwe.

Funso: Bwanji ndingoika injini yaikulu?

Yankho: Ambiri amaikamo ya 1.6 ya Escudo, imene ili ya banja limodzi ndi ya SJ413 ndipo silemera kwambiri. Yoposa pamenepo imathyola giyabokosi ndi mashafiti. Nambala ya injini ili m'mapepala a galimoto, motero mukadziwitse a Road Traffic ndi a inshuwalansi, kuti musadzavutike pa COF kapena tsiku la ngozi.

Funso: Chotsiriza, bambo: mabampa achitsulo, winchi ndi keriyala yapadenga?

Yankho: Chilichonse cha izi chimadya kupepuka kuja, ndipo katundu amene kagalimoto aka kaloledwa kusenza, pamodzi ndi anthu omwe, ndi wochepa. Zigubu za mafuta ndi matumba a chimanga zikhale pansi m'kati, osati padenga. Chitsulo chotchinga pansi pa transfer case ndi thanki ya mafuta n'chofunika kuposa bampa yolemera. Winchi njabwino kwa woyenda yekha kumene kuli mitengo, malinga batire ndi alitaneta zikhale zamphamvu; koma fosholo, pampu ya matayala, thabwa lokhazikapo jeke pamatope ndi lamba wokokera zimapulumutsa kawirikawiri. Lambayo amangidwe pa ngowe zomangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musamange pa kampira kokokera ngolo, pakuti kakathyoka pokoka kamauluka ndi liwiro lopyoza galasi, ndipo kadaphapo anthu. Ndipo pamene lamba akukokedwa, ana ndi onse odzaonerera aime kutali, kupitirira utali wa lambayo.